Tinjira ta m'munsi mwa tsamba

Kumayambiriro kwa 2017 mvula inagwa bwino kwathu kuno ku Angónia, koma cimanga ca amayi cinali ndi masamba obookabooka ngati sefa. Mu mtima wa phesi munali zitosi zonga gaga, ndipo ukafunyulula unkapezamo mbozi yonenepa, pamutu pake pali cizindikiro conga Y wozondoka. Amayi anaiika pa cikhatho canga nati, "Mwanawe, paja umati kafoni kakoko kamadziwa zonse. Kafunse tsopano."

Ndinagula mamega, n'kukwera pa culu ca kuseri kwa khola pomwe rede imagwira. Mu Google ndinalemba m'Cinyanja: mbozi ya cimanga. Zinabwera zocepa, zambiri za ku Malawi. Ndinatsetsereka mpaka m'munsi mwa tsamba, pomwe pamakhala timizere ta mafunso ena ofanana ndi lako, timene m'Cipwitikizi amati "Pesquisas relacionadas". Panalibe condithandiza.

Ndinalembanso m'Cipwitikizi: lagarta no milho. Apa m'munsimo munadzaza tho. Dzina limodzi linkabwerabwera: lagarta-do-cartucho. Nditalidina, zithunzi zinali za mbozi yomwe ija ya pa cikhatho canga, Spodoptera frugiperda.

Pambuyo pake m'pamene ndinamvetsa cifukwa cake. Timizere timeneti salemba ndi munthu wokhala pa desiki ayi. Makina amaona mawu amene anthu ambirimbiri analemba kale, ndi zimene anafunsa pambuyo pa funso longa lako, n'kuganiziranso cilankhulo ndi dera lomwe uli. N'cimodzimodzi ndi mawu amene amatulukira usanamalize kulemba, zomwe Google inayamba kuyesa mu 2004. Ife a m'malire tikuzidziwa bwino izi. Kanjira kopita ku cigayo ca tsidya la Dedza palibe anakalambula. Mapazi ndiwo anakapanga. Pomwe sipadutsa anthu pamamera udzu.

Mbozi imeneyi kwawo ndi ku America. Mu Africa inaoneka koyamba mu 2016, koma alimi a ku Brasil akhala akulimbana nayo kwa zaka zambiri, ndipo anthu a ku Brasil alipo oculuka kwambiri kuposa ife tonse a ku Moçambique. Conco kanjira ka Cipwitikizi kanali kopondedwa ndi mapazi awo. Ngakhale dzina lenilenilo linali lawo: kuno alangizi amati lagarta do funil, ndipo abale a tsidya lija ankangoti nchemberezandonda, dzina la mbozi ina yomwe ankaidziwa kale.

Dzina linandithandiza, ndisaname. Koma pansi pake panali mizere ina yofunsa za mankhwala abwino koposa ophera mboziyo, ndi maina amene sindinawamvepo. Malume, amene anali atandilondola pa culupo, anasuzumira nati, "Lemba limenelo pa pepala, mawa ndikalifune ku Ulongwe. Foni yanena." Anali okonzeka kugulitsa mbuzi.

Ndinacita mantha pang'ono. Foni sinanene kanthu. Inangondionetsa zimene anthu ena anafunsa, anthu a minda ya mahekitala mazanamazana, opopera ndi mathirakitala. Munthu wofunsa sikuti ndi wodziwa, ndipo funso likafunsidwa ndi khamu silisanduka yankho. Kuwafotokozera malume zimenezi kunali kovuta, pakuti kwa iwo cinthu colembedwa n'colembedwa basi, kaya ciri m'buku kaya pa galasi. Tinakangana mpaka dzuwa kulowa. Amayi ndiwo anadula nkhani: "Acimwene, mbuziyo isiyeni kaye. Mlangizi abwera Lacinayi."

Mlangizi anabweradi. Anatiuza kuyendera munda m'mamawa, kuphwanya mazira pa masamba, kutola mbozi ndi manja, ndi kuthira mcenga kapena phulusa mu mtima wa phesi. Za mankhwala anati tigule okhawo ololedwa kuno, mbozi zikadali zazing'ono, cifukwa zikakula zimabisala mkati momwe mankhwala safika bwino. Tinakolola, ngakhale nkhokwe sinadzaze ngati caka capitaco.

Cimene cimandiwawa mpaka lero si mboziyo ayi, koma m'munsi mwa tsamba muja mopanda kanthu. Nane ndinathawira ku Cipwitikizi nditangoyesa kamodzi, monga amacitira aphunzitsi, anamwino ndi ana a sukulu onse a kuno. Tikatero, phazi lathu limakaponda m'kanjira ka eni, kathu n'kumameranso udzu. Tsono masiku ano ndimayamba ndalemba funso m'Cinyanja, ngakhale ndikudziwa kuti mwina sindipeza zambiri, kenako ndiye n'kupita ku Cipwitikizi. Mlongo wanga amandiseka, akuti ndikutha mamega pacabe. Dzulo ndinamupeza pa culu paja akulemba za ciwawu ca mbatatesi, ndipo nditasuzumira ndinaona kuti wayamba ndi Cipwitikizi.