Tikiti ya pamsika si layisensi, alamu!

Phiri la Soche silibisika. Kaya uli pa Chichiri, kaya ku Kanjedza, kaya watsika minibasi pa Ginnery Corner, ukakweza maso umaliona lili njo ngati mlonda wa pageti. M'munsi mwake ndi momwe mudaunjikana anthu: Chilobwe, Chimwankhunda, Zingwangwa, Manja, Soche East, ndipo ukatsikirako pang'ono wafika ku Nkolokosa, Chitawira ndi pa Kamba. Kuno nyumba iliyonse yoyang'ana kumsewu ili ndi kawindo kogulitsirapo kanthu. Apa okala, apo saluni, pakona chiwaya cha tchipisi, kuseri kwake mnyamata wowotcherera mafelemu a zitseko. Atati awerenge mabwana a mu Kabula muno, ambiri angapezeke kuno, kungoti ndi mabwana oti wantchito wawo ndi iwo eni.

Koma talowani m'mashopu amenewa muyang'ane pakhoma. Kalendala ya kampani ya sopo muipeza. Chikwangwani choti ngongole mawa muchipeza. Pepala la khonsolo lololeza bizinesiyo, lomwe tonse timangoti layisensi, ndiye mumadutsa zitseko zingapo musanalione.

Ine nkhaniyi idandipeza kudzera mwa alamu anga, akazi awo a achimwene. Mayi amenewa akhala pa benchi mumsika zaka 7, kugulitsa tomato, anyezi ndi kabichi, dzuwa ndi mvula zonse zawo. Chaka chino adatenga ndalama ku banki m'khonde, kuphatikiza ndi kampamba kawo, n'kuchita lendi kachipinda ka m'mbali mwa msewu ku Zingwangwa kuti atsegule malo odyera. Nsima ya nyemba, ya usipa, Loweruka ya nkhuku yalokolo. Eni nyumba atawafunsa za layisensi, alamu adalowa kuchipinda n'kutulutsa jumbo lodzadza ndi matikiti a pamsika.

"Alamu, taonani izi. Ine msonkho sindidajombepo ngakhale tsiku limodzi. Layisensi inanso ya chiyani?"

Apa ndi pomwe ambiri a inu a geni mumapunthwa, choncho tiyeni tilongosolerane. Tikiti yomwe mumadula m'mawa uliwonse ndi ya malo omwe mwakhalapo tsiku limenelo mumsika wa khonsolo. Dzuwa likalowa nayo yatha. Layisensi ndi chilolezo choti bizinesi yakutiyakuti ichitikire pamalo akutiakuti, ndipo imakonzedwanso chaka ndi chaka. Kulembetsa dzina la bizinesi ku boma ndi nkhani ina. Nambala ya msonkho ija amati TPIN imachokera ku MRA, eni ake a Msonkho House, nayonso ndi ina. Wogulitsa mowa ali ndi layisensi yakeyake pansi pa lamulo la mowa. Mapepala amenewa ndi apachibale, koma sabwerekana malaya.

Zitangomveka mu layini mwawo kuti mayi akufuna layisensi, sipadathe masiku awiri padatulukira mkulu wina wa tayi, faelo kukhwapa. Ati iye amadziwana ndi akuluakulu onse, alamu angomupatsa ya fomu, ya thiransipoti ndi ya fanta, pepala libwera lokha pakhomo Lachisanu. Adobadoba oterewa mumawadziwa. Sagwira ntchito ku ofesi iliyonse, ofesi yawo ndi pansi pa mtengo. Ena amabweretsadi pepala la chidindo chowala bwino, koma tsiku lomwe kwafika oyendera enieni ndi pomwe umazindikira kuti udagula pepala lokulungira mandasi. Shopu yatsekedwa, chindapusa pamwamba, mkulu uja foni yake siikupezeka.

Alamu adamuyankha mwaulemu: "Zikomo bambo, koma miyendo ndili nayo." Lachiwiri m'mawa tidanyamuka awiri.

Pa siteji ya Kudya oitanira adatilandira ngati alendo a ukwati. "Limbe iyo masteni, malo awiri otsala!" Malo awiriwo adali theka la mpando. Minibasi ikutsika ndidacheukira kuphiri. Njira zomwe matope ndi miyala zidadutsa mu Malichi 2023 zikudziwikabe, pomwe namondwe wa Freddy adagumula mbali ya phiri n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi madera ena a m'mphepete mwake. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 adafa kapena kusowa. M'nyumba zomwe zidapitazo mudalinso maokala, masaluni, makina osokera, mpamba womwe anthu adausonkhanitsa zaka ndi zaka.

Ndikukumbutsa izi chifukwa limodzi mwa mafunso oyamba a layisensi ndi lakuti, malo anu ali pati? Pali ena amati funsoli ndi longozunza amphawi. Amene adaona Chilobwe sabata imene ija salitenganso mwachibwana. Shopu yomangidwa m'khwawa, pamwamba pa ngalande kapena m'malire a msewu, ngakhale muipake penti yokongola chotani, ndi ndalama zoponya m'madzi. Musanapereke lendi ya miyezi itatu kwa eni nyumba, yambani mwafunsa ngati malowo ndi ololedwa kuchitirapo malonda.

Tidatsika pa Kwacha n'kuuyamba wapansi kukwera ku Chichiri. Kumeneku ndi kwa zinthu zikuluzikulu zokhazokha: Khoti Lalikulu, nyumba yosungiramo zinthu zakale ija ili ndi chisitima chamakedzana panja, bwalo la Kamuzu Stadium, malo a Trade Fair. Likulu la khonsolo, Civic Centre, lili pomwepo, pafupifupi pakati pa Blantyre ndi Limbe. Paja awa adali matauni awiri osiyana. Blantyre adayamba ndi amishoni a ku Scotland mu 1876 ndipo pofika 1895 adali kale ndi khonsolo yake. Limbe adakula ndi njanji ndi fodya, mpaka awiriwa adawaphatikiza mu 1956. Ndiye khonsolo ya muno ndi yakale kuposa agogo athu, siipita kulikonse.

Alamu adafika pageti atamanga chitenje mothina ngati akukalowa kupolisi. Mantha amenewa ali ndi mbiri yake. Matipate atabwera mu 1994, nthawi ya a Bakili Muluzi, misewu ya Blantyre ndi Limbe idasanduka msika. Mu Haile Selassie Road munthu unkayenda cham'mbali ngati nkhanu kuopa kuponda katundu wa mwini. Mu Epulo 2006 boma la a Bingu wa Mutharika lidabwera ndi Operation Dongosolo, mavenda onse achoke m'misewu akalowe m'misika. Chiyambire pamenepo wa geni akamva mawu oti "a siti", chomwe chimabwera m'mutu ndi lole, liwiro ndi tomato womwazika mumsewu. N'chifukwa chake ambiri amaona bwino kutuma dobadoba kusiyana n'kuponda okha pa Civic.

M'katimo mudalibe chikwapu. Tidafunsa pomwe amaonera za malayisensi, adatilozera. Bambo yemwe tidamupeza adawafunsa alamu molunjika: "Mayi, ndi bizinesi yanji, ili pati, nanga malowo ndi anu kapena ndi alendi?" Kenako fomu. Chiphaso cha unzika, chija tidayamba kujambulitsa mu 2017, alamu adali nacho m'kachikwama, ndipo inunso musachisiye kunyumba.

Mtengo umatengera mtundu wa bizinesi. Wa okala salipira mofanana ndi wa holoselo kapena wa bala. Musadalire ndalama yomwe mnzanu adalipira zaka zapitazo. Paja kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chiyambire pamenepo ndi chiyani chidatsala pa mtengo wakale? Funsani pomwepo, lembani papepala. Ndalama iliyonse yomwe mwapereka, lisiti m'manja, dzina lanu lolembedwa bwino. Munthu akakupezani pakhonde kapena panja n'kunena kuti mumupatse iye akakulipirireni, muuzeni kuti mudikira pamzere. Safunsa adadya phula.

Poti alamu ndi a zakudya, adawauza kuti azaumoyo adzabwera kudzaona malowo, ndipo ophika ndi operekera zakudya ayenera kukayezedwa kuchipatala. Adzayang'ana madzi, chimbudzi, posamba m'manja, potaya zinyalala, pomwe mukusunga ndiwo. Pamenepa alamu adangoti "Ha!" n'kundiyang'ana, chifukwa chimbudzi cha pa lendi pawo chitseko chake ndi chiguduli.

Apa ine ndili mbali ya azaumoyo, ngakhale mundide. Kolera ya 2022 mpaka 2023 idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zidachedwa kutsegulira mu Januwale 2023. Mbale zotsukidwa m'madzi oipa zingagoneke layini yonse ku Queens, ndipo woyamba kudwala angakhale mwana wa wophikayo, poti ndi amene amadya makoko a mumphika.

Komanso amene walipira ali ndi pakamwa. Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino lidakhala lopanda makhansala. Anthu ankadula matikiti ndi malayisensi popanda munthu wosankhidwa woti n'kumugwira malaya. Lero makhansala alipo, tidawavotera pa 16 Sepitembala 2025. Wa layisensi pakhoma angathe kupita kwa khansala wa dera lake mosanjenjemera n'kufunsa za bini ya zinyalala, ngalande yotsekeka ndi magetsi a mumsewu. Wopanda pepala amangong'ung'udzira m'mimba, kuopa kuti akayankhula adziulula yekha. Ndipo tsiku lomwe mudzafune ngongole yooneka kapena oda yophikira anthu a pamsonkhano, adzakufunsani mapepala, osati jumbo la matikiti.

Titatuluka tidakwera ya ku Limbe kukagula zomwe azaumoyo adzafune kuona. Limbe masana ndi moto. Mahutala, fumbi, anyamata a mawilibala akukuwa kuti muwapatse njira, a kaunjika akuimba mitengo, wina akukukoka dzanja kuti ukaone nsapato yomwe sunaifunse. Alamu adalowamo kambirimbiri m'mashopu a amwenye, koma ulendo uno maso awo adali pakhoma kuseri kwa kauntala, pomwe mapepala amapachikidwa m'mafelemu agalasi ngati zithunzi za ukwati.

"Alamu, kani zimenezi ndi zomwe zimakhala apa? Ine ndinkayesa masatifiketi a sukulu."

Anthu awa phunziro adalitenga kalekale. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu Banda lidawalamula kusiya mashopu a kumidzi n'kumachita malonda m'mizinda ikuluikulu basi. Banja lomwe lidaonapo chilolezo chikuchoka ndi cholembera chimodzi silisewera ndi tsiku lokonzetsa pepala. Pa za tsikulo, werengani lomwe lalembedwa pa layisensi yanu, musamayendere mphekesera za pa siteji. Chaka cha boma chidasintha mu 2022, tsopano chimayamba pa 1 Epulo osati pa 1 Julaye monga tidazolowera.

Tidagula ndowa ya mpopi yosambira m'manja, ndowa ina ya chivundikiro yotayamo zotsala, maapuloni awiri ndi mahinjesi a chitseko. Felemu ya galasi alamu adaigwiragwira n'kuibweza pa shelefu, ati adzagula pepala likatuluka, sangagule mbereko mwana asanabadwe.

Nkhondo yomwe yatsala ndi ya eni nyumba. Iwo akuti chimbudzi chija chakhala ndi chiguduli chimangireni ndipo palibe adafapo. Alamu akuti agula okha chitseko ndi thumba la simenti, koma ndalamayo ichotsedwe pa lendi ya mwezi wamawa. Amayi a banki m'khonde nawo akudikira gawo loyamba la ngongole kumapeto kwa mwezi, pomwe mphika sunakhalebe pamoto. Achimwene akuti akawaona eni nyumbawo Lamulungu akaweruka ku tchalitchi, ndipo andiuza kuti ndisapite nawo, ati atolankhani timakonda kulemba zilizonse.