Nkhungu ziwiri za pa Chikangawa

Msewu wa M1 ukamakwera mapiri a Viphya kulowera ku Mzuzu umadutsa m'nkhalango ya paini ya Chikangawa. Ndimadutsa kumeneku tikatsekera sukulu, ndipo m'miyezi ya June ndi July dalaivala amalimbana ndi nkhungu ziwiri: yakunja ndi ya m'kati mwa galimoto.

Yakunjayo palibe angaithetse. Kwake n'kuyatsa magetsi ndi kuchepetsa liwiro, poti malole onyamula matabwa amangotulukira pakona. Koma ya m'katiyi timaipanga tokha. Tikadzazana m'minibasi n'kutseka mawindo onse pothawa kuzizira, mpweya wofunda ndi wachinyontho wotuluka m'kamwa mwathu umagunda galasi lozizira n'kusanduka timadontho, monga momwe botolo la Fanta lochokera mufiriji limachitira thukuta. Ana anga a jogalafe ndimawapatsa chitsanzo chomwechi.

Alendo oyenda pa galimoto zokhala ngati nyumba, zogonamo ndi kuphikiramo, vutoli limawakulira chifukwa nthunzi ya mphika ndi zovala zonyowa zimakhala momwemo. Komabe mankhwala ake ndi amodzi: kulozetsa mpweya wotentha wa hita pagalasi lakutsogolo, kuyatsa AC ngati ilipo chifukwa imaumitsa mpweya, ndi kutsekula mawindo pang'ono. Kupukuta ndi dzanja kumasiya mafuta ogwira chinyontho. Kansalu kouma ndi koyera ndiye kabwino.

Choncho apaulendo anzanga, kondakitala akatsekula windo pa Chikangawa tisamukalipire. Kuli bwino kufika ku Mzuzu tikunjenjemera kusiyana n'kukathera kuphompho.