Njira za ku Joni zimene tinaziona

Pa nthawi yathu njira zopitira ku Joni zinali ziwiri. Ya Wenela ankakupima, kukudinditsa chala, n'kukukweza ndege mpaka Francistown, kenako sitima. Kontrakiti ikatha unkabwera ndi sutikesi, ndalama zina n'kudzalandirira kuno. Inayo inali ya selefu, yongodzuka mbandakucha n'kulowera ku Tete, wopanda chikalata chilichonse.

Ndege ya Wenela itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi opitirira 70, Kamuzu anatseka njira ya kontrakiti. Inadzatsegukanso pang'ono m'dzina la TEBA, koma mu 1988 inaferatu pa mkangano woyeza magazi a Edzi. Nanga anyamata akanasiya kulakalaka njinga ndi malata? Anakhamukira ku selefu.

Apo n'kuti Azungu a kumeneko atayamba kale kutchinga malire. Mu 1986 anamanga mpanda wamagetsi kuchokera ku Komatipoort kukafika ku Mbuzini, kumalire ndi Mozambique. Ankati akutsekereza zigawenga, koma amene ankapserera pa wayayo ambiri anali anthu wamba othawa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo. Oopa waya ankadutsa m'nkhalango ya Kruger, ena n'kuthera m'kamwa mwa mikango. Zimenezi zinkatiwawa, chifukwa anthu omwewo ife tinawalandira pafupifupi miliyoni imodzi, ku Nsanje, ku Mwanza, ku Dedza, tili osauka chonchi, osawaikira waya.

Mandela atalowa mu 1994 tinkati basi, zipata zatseguka. Ayi ndithu. Mu 1996 kunabwera Lindela, ku Krugersdorp, kosungirako ogwidwa opanda mapepala podikira kuwabweza kwawo. Dzina limeneli lero ngakhale agogo a kumudzi amalitchula bwinobwino.

Ine ndimati kukhwimitsa konseku sikunachepetse opita. Kunangokweza mtengo wa ulendo. Amene anadyerapo ndi matransipota, ndi achifwamba aja amati maguma-guma, obisala m'tchire la mtsinje wa Limpopo pafupi ndi Beitbridge, olanda foni ndi nsapato, ochita zosaneneka kwa atsikana. Banja limagulitsa mbuzi, mwina ndi munda womwe, kuti mwana awoloke.

Koma chimene chimandidya mtima kwambiri n'chakuti wowoloka movutika chotero sabwerera wamba. Kale matchona anali amuna amene akwatira kwina n'kuiwala kwawo, ndipo tinkawanyoza. Matchona a lero kwawo amakukumbuka tsiku lililonse, kungoti masiku a m'pasipoti anatha kalekale, ndipo akatuluka sadziwa ngati adzalowanso. Mwana wa mchemwali wanga sanabwere pa maliro a mayi ake. Anatumiza ndalama ya bokosi, nyimbo za kumanda n'kumamvera pa foni. Anadzafika patapita zaka, pa basi ya obwezedwa, atanyamula jumbo yokha. Mvula isanagwe anali atatenga kale katapila wa ulendo wina.