Zala Zobwereka

Woyimba gitala aliyense amayamba ndi zala zobwereka. Ine ndidabwereka za B.B. King, katswiri wa nyimbo za blues wobadwira ku Mississippi, amene adamwalira mu 2015. Ndili mphunzitsi wachinyamata, ndinkabweza kaseti ndi bolopeni poopa kutha mabatire, kuti ndimvenso kachidutswa kamodzi ka manotsi asanu kufikira zala zitakaloweza.

Luso la mkuluyu lidagona pa nsambo. Ankaikankha ndi chala kuti mawu akwere ngati munthu wobuula, kenaka n'kuinjenjemeretsa. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti kunjenjemeretsako kudabadwa m'kulephera. Mbale wake, Bukka White, ankayimba potsetsereza kachitsulo pa nsambo, monga momwe akuluakulu athu ankachitira ndi botolo pa gitala ya hauyani. Zimenezi B.B. King zidamukanika, choncho adasakasaka mawu omwewo ndi chala chokha, mpaka adapeza akeake.

Kwa ine kupatuka kudadza mwakachetechete. Dzanja lamanzere lidamvera zonse, koma lamanja, lomwe lidakulira m'magule akwathu ndi nyimbo za Daniel Kachamba pa wailesi, lidakana kuyenda mwaulesi monga ifunira blues. Linkangodumphadumpha. Ndidalimbana nalo zaka ziwiri, kenaka ndidalileka. Achinyamata a lero amaonera chala chilichonse pa YouTube ndipo ena satayako notsi ngakhale imodzi. Ndimawasirira, ngakhale kuti ndikatsinzina sindidziwa amene akuyimba.

Mnzanga wina wa kwaya atandimva adapukusa mutu nati, "Aphunzitsi, iyi si blues ayi, ndi kwela ya pamaliro." Dzinalo sindidalikane.