Akati ali “stable” sanati achira

Ndinagwira ntchito ya unamwino zaka zoposa 30, koma Chingerezi chathu cha m’mawodi chadzandichititsa manyazi nditapuma kale.

Tsiku lina madzulo mtsikana woyandikana naye nyumba kuno ku Chitawira anandigogodera. “Amayi, tabwerani mudzawaone apongozi anga.” Bambowo anadwala sitiroko, anagonekedwa sabata ziwiri, kenako anatulutsidwa. Nditawatembenuza ndinapeza chilonda chayamba kale m’chiuno. Mtsikanayo, misozi ili chuchuchu, anati: “Adokotala anati ali stable, ndiye timangodikira kuti adzuke.”

Sindinamukalipire. Mawu amenewa ndi kangati ine ndinawauza magadiyani ndili pa liwiro, osawamasulira?

Ana anga, “stable” ndiye kuti matenda aima, sakukulirakulira. Wodwala wachoka pa kayakaya koma sanachire. Nyengo ya pakatiyi ife timaitcha “subacute”, ndipo kwathu kuno nthawi zambiri imathera pa mphasa kunyumba. Namwino wake ndinuyo.

Munthu amene sangadzitembenuze yekha muzimutembenuza maola awiri alionse, usiku womwe. Ndi ntchito yotopetsa, ndikudziwa, n’chifukwa chake abambo musamusiyire mkazi wanu yekha, makamaka pamene wodwalayo ndi bambo anu okuberekani. Pogona pakhale pouma. Mukaona khungu lafiira kapena lada m’chiuno, m’matako kapena kuzidendene, chilonda chili m’njira. Phala muziwamwetsa atakhala tsonga, pang’onopang’ono. Akamatsamwa kapena kutsokomola pomeza, kanenedi kuchipatala msanga, chifukwa chakudya chikalowera m’mapapo chimabweretsa chibayo.

Tsegulaninso kabuku ka kuchipatala kaja. “od” ndi kamodzi patsiku, “bd” kawiri, “tds” katatu motalikirana bwino, “nocte” usiku pogona. Mankhwala a BP sasiyidwa chifukwa munthu akuoneka bwino. “Review” ndi tsiku lobwerera kuti akaonedwenso, ngakhale ya minibasi ichite kubwereka.

Mawu amene anthu amawapeputsa kwambiri ndi “physio”, mafizo aja. Ena amati ndi masewera chabe. Ayi ndithu. Miyezi itatu yoyamba munthu akadwala sitiroko ndi imene mkono ndi mwendo zimabwerera msanga, ndipo mukaitaya mukudikira, mfundo zimauma. Funsani za Kachere Rehabilitation Centre, pafupi ndi chipatala cha Gulupu. Akatchula “palliative” musati akutayani. Ndi chisamaliro chochepetsa ululu pa matenda okhalitsa, monga chimene amapereka ku Tiyanjane ku Gulupu komweko.

Musanatuluke m’wodi, imitsani namwino, muti: “Tandiuzeni m’Chichewa.” Akhoza kukhala wotopa, koma kuyankha ndi ntchito yake.

Apongozi aja chilonda chikuuma tsopano. Mwana wawo wamwamuna ndiye amawatembenuza usiku, ndipo tsiku la review tinalilemba ndi makala kuseri kwa chitseko.