Kukongola kwa Ngongole

M'Chichewa muli mawu ena amene amalembedwa mofanana koma matanthauzo ake ali kutalikutali. Amodzi mwa mawu otere ndi akuti kukongola. Tikati mtsikana uja wakongola, tikuyamikira maonekedwe ake. Tikati bambo uja wakongola, kawirikawiri tikunena kuti watenga ndalama za eni ake ndipo tsiku lobweza likubwera. M'kalasi la zachiyankhulo timangolemba mawuwa pabolodi ngati chitsanzo, n'kupitirira. Ine ndaona kuti alipo malo amodzi pomwe matanthauzo awiriwa amakumana, ndipo malowo ndi kakhungu kopyapyala ka m'munsi mwa diso.

Kwathu ku Milepa, m'boma la Chiradzulu, akazi tonse a m'banja mwathu tili ndi mdima m'munsi mwa maso. Amayi ali nawo, amayi aang'ono ali nawo, inenso ndili nawo. Wa achemwali anga aakulu ndiwo umaoneka kwambiri, moti anthu pamsika amatha kuwafunsa ngati akudwala pomwe iwo ali bwinobwino. Ukwati wawo utayandikira, msuweni wathu amene amagwira ntchito ku Johannesburg anawatumizira zithunzi ziwiri pa WhatsApp. China chinali cha mayi wa maso ooneka otopa, chinzake cha mayi yemweyo atabayitsa jakisoni wotchedwa filler. Msuweniyo anati kuchipatala n'kodula, ndi marandi masauzande angapo, koma iye akudziwa mayi wina amene amabwera nawo mankhwalawo kuno kumudzi ndipo amabaya anthu kunyumba kwake pamtengo wabwino. Achemwali anandiimbira foni. "Iwe uli kusukulu ya ukachenjede, tandifufuzira. Ndalama za nandolo ndasunga." Zimene ndalemba pano ndi zomwe ndinapeza, komanso maganizo amene ndinafika nawo nditazipeza.

Mankhwalawa ndi enieni, si nthano za pafoni. Ambiri amapangidwa ndi hyaluronic acid, chinthu chimene thupi la munthu lili nacho kale pakhungu, m'mfundo za mafupa ndi m'diso, ndipo ntchito yake ndi kugwira madzi. Opanga amachikonza kuti chikhale chokhuthala, dokotala n'kuchilowetsa ndi singano kunsi kwa khungu kuti malo olowa atukuke. Ku America, bungwe loona za chakudya ndi mankhwala la FDA linavomereza mankhwala a mtunduwu otchedwa Restylane mu 2003, odzazira makwinya a pankhope. Chilolezo chobaya m'munsi mwa maso mwenimwenimo chinalengezedwa mu 2022, pa mankhwala a Juvéderm Volbella, kwa anthu opitirira zaka 21. Malowa ndi ovuta. Khungu lozungulira diso ndilo lopyapyala kuposa lina lililonse pathupi, ndipo kacholakwika kakang'ono kamaonekera poyera.

Funso loti kodi jakisoniyu ndi waphindu limatengera chimene chabweretsa mdimawo. Anthu ena ali ndi kachigwa pakati pa chikope cham'munsi ndi tsaya, ndipo mdima umene timaona ndi mthunzi chabe wa kachigwako. Amenewa filler angawathandizedi, popeza chigwa chikadzazidwa mthunzi umachepa. Ena khungu lenilenilo ndilo lili loderako pamalopo, chibadwire kapena chifukwa chotikita maso akamayabwa ndi utsi wa nkhuni, fumbi kapena chimfine. Ambiri a ife akhungu lakuda tili m'gulu limeneli, ndipo filler sasintha mtundu wa khungu. Khungu lathu limathanso kudera kwambiri pamalo pamene pavulala, ngakhale ndi singano. Ena zikope zawo n'zotupa, ndipo mankhwala okoka madzi angangowonjezera kutupako. Palinso kusagona mokwanira, kuonda ndi kuchepa magazi, zimene zimachititsa mdima kuonekera kwambiri. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lino wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 33 pa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49 anali ndi vuto la kuchepa magazi. Mayi wa ku Milepa amene amadzuka tambala woyamba kupita kudimba, maso ake akamaoneka otopa ndi bwino ayambe wadziwa chimene masowo akunena asanawatseke pakamwa ndi jakisoni.

Ngakhale kwa iwo amene mankhwalawa amawayanja, apa ndi pamene mawu a ngongole amalowa. Opanga amanena kuti kusinthaku kumakhala pafupifupi chaka chimodzi. Chikatha, munthu amayenera kubwereranso ndi ndalama zina, apo ayi nkhope imabwerera mwakale, ndipo iye anazolowera kale nkhope yatsopano ija pagalasi. Mbali ina ya nkhaniyi ndi yoti madokotala, pounika nkhope za anthu ndi makina a MRI, apeza kuti mankhwalawa amatha kutsalira m'thupi zaka zingapo, kusuntha pamalo pomwe anaikidwa, n'kumakoka madzi mpaka m'munsi mwa diso kutupa. Choncho ngongoleyi ili ndi chiwongoladzanja chimene wokongolayo sakudziwa kukula kwake pa tsiku losaina.

Za chitetezo, mavuto ang'onoang'ono ndi ofala: kutupa, mikwingwirima, timibulu, ndiponso kamtundu kobiriwira kamene kamaonekera mankhwala akaikidwa pamwamba kwambiri. Majeremusi akalowa pamatha kuchita mafinya. Vuto lalikulu silichitikachitika, koma likachitika ndi loopsa. Mitsempha ya magazi ya pankhope inalumikizana ndi mtsempha umene umapereka magazi kudiso. Singano ikalowa mumtsempha, mankhwala amatha kutseka njira ya magazi, khungu la pamalopo n'kufa, kapena diso kuleka kuona. Madokotala alemba za anthu amene anasiya kuona motere, makamaka obayidwa pamphuno ndi pakati pa nsidze, ndipo ambiri mwa iwo sanaonenso. Apanso chiyankhulo chathu chili ndi mawu amodzi a zinthu ziwiri. Khungu ndi chimene chakuta thupi, khungu ndi kusaona. Munthu angapite kukakonzetsa loyambalo n'kubwerako ndi lachiwirilo.

Alipo mankhwala otchedwa hyaluronidase amene amasungunula filler wa hyaluronic acid. Dokotala wodziwa ntchito yake amakhala nawo pafupi asanagwire singano, amadziwa pomwe mitsempha imadutsa, ndipo amazindikira msanga zikayamba kulakwika. Chitetezo chonse cha jakisoniyu chagona pamenepa. Tsono ndinayerekeza achemwali ali pampando m'nyumba ya mayi uja, diso layamba kuchita mdima. Mayiyo alibe chosungunulira. Mwina sakudziwa ndi chomwe chili m'botolo mwake, pakuti mankhwala achinyengo alipo ambiri, ndipo ena ndi silicone amene sasungunuka. Thandizo la akatswiri a maso lili ku Blantyre, kuchipatala cha maso cha Lions pa Gulupu, pomwe diso losowa magazi silidikira minibasi kuti idzaze. Dziko lino lili ndi Medical Council of Malawi imene imalembetsa madokotala, komanso Pharmacy and Medicines Regulatory Authority imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019 kuti iziona za mankhwala. Munthu wobaya anzake kuchipinda ndi botolo la m'chikwama sadziwika kuwiri konseko, ndipo zikavuta palibe pomugwira.

Wina anganene kuti zonsezi n'za m'tauni ndipo ku Milepa sizingafike. Ine ndikuona kuti zinafika kale, kungoti zinabwera m'machubu ndi m'timabotolo. M'misika yathu mafuta oyeretsa khungu amagulitsidwa moyandikana ndi sopo. Ena ali ndi hydroquinone, ena ali ndi mankhwala amphamvu a steroid monga clobetasol, ena ali ndi mercury amene amawononga impso ndi mitsempha ya ubongo. Atsikana ena amapaka mafutawa m'munsi mwa maso pofuna kuchotsa mdima womwe tikukambawu. Steroid amapyapyalitsa khungu, ndipo akamapakidwa pafupi ndi diso nthawi yaitali amatha kuyambitsa ng'ala kapena nthenda ya glaucoma. Hydroquinone akagwiritsidwa ntchito zaka zambiri amabweretsa madontho akuda m'masaya, nthenda imene madokotala a ku South Africa anaifotokoza mu 1975. Dzikolo linaletsa hydroquinone m'mafuta odzola mu 1990, ndipo Côte d'Ivoire inaletsa mafuta oyeretsa khungu mu 2015. Nayonso ndi ngongole: munthu amayera miyezi ingapo, akasiya khungu limada kuposa kale, ndiye amagulanso. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Sindikufuna kuima pachulu n'kumadzudzula akazi anzanga kuti atengera zachizungu. Kusintha nkhope pofuna kukongola si kwachilendo kuno. David Livingstone atayenda m'mapiri a Shire cha m'ma 1859 analemba za akazi a Chimang'anja ovala pelele pamlomo wam'mwamba. Agogo athu ambiri anatemera mphini kumaso, ena anaboola mphuno n'kuikapo chipini. Zonsezi zinali zopweteka ndipo zinali ndi ngozi zake. Kusiyana kumene ndikuona n'kwakuti mphini zinkatemedwa poyera, wotema ankadziwika mudzi wonse, ndipo mtsikana ankaona zotsatira zake pankhope za amayi ake asanavomere. Lero timaona chithunzi cha pafoni cha munthu amene sitikumudziwa, chojambulidwa pakuwala kosankhidwa, mwinanso chokonzedwa ndi pulogalamu yosalalitsa nkhope. Sitiona nkhope yomweyo patatha zaka zitatu.

Chiyankhulo chathu nachonso chili ndi gawo lake. Munthu akachokera kutauni timamuyamikira kuti "mwayeratu," ngati kuyera ndi umboni woti zinthu zikuyenda. Wina tikamuona ali ndi mdima m'maso timathamangira kufunsa kuti "mwadwala kodi?" M'dera ngati la Chiradzulu, limene linavutika kwambiri ndi Edzi, funso limeneli si lopepuka, ndipo mkazi amene amalimva kawirikawiri amadziwa zimene anthu akuganiza kuseri. Achemwali sankafuna kufanana ndi akazi a m'mafilimu. Ankangofuna kuti pa tsiku la ukwati wawo akuchimuna asanong'onezane. Ndikamaganizira zimenezi ndimaona kuti mbali ina ya vutoli ili m'kamwa mwa ife openya, ndipo imeneyo singano siingaifike.

Yankho limene ndinawapatsa linali lotere. "Achemwali, jakisoniyu amagwira ntchito kwa anthu ena, koma mdima wanu ndi wa khungu, ngati wa amayi, ndiye ndalama zanu zingangopita pachabe. Kwa mayi wa kunyumba uja musapiteko, ngakhale atati ndi zaulere. Ngati tsiku lina mudzafunabe, mudzapite kwa dokotala wolembetsedwa. Mudzamufunse dzina la mankhwala, mudzaone bokosi lake likutsegulidwa inu muli pompo, mudzafunse ngati ali ndi chosungunulira m'chipinda momwemo, ndiponso kuti diso likavuta adzakutumizani kuti. Dokotala amene angakwiye ndi mafunso amenewa musamupatse nkhope yanu. Safunsa anadya phula." Ndinawapemphanso kuti apite kuchipatala akayezetse magazi, chinthu chimene sichilira ndalama m'zipatala za boma.

Anapitadi, ndipo anabwerako ndi mapiritsi owonjezera magazi. Mdimawo sunathe, popeza wambiri ndi wakumtundu. Pa tsiku la ukwati mnzawo wina wa pasaluni anawapaka zophodaphoda zimene madzulo ake zinachoka ndi madzi ndi sopo. Ndalama za nandolo zinagula malata asanu ndi limodzi a nyumba yawo yatsopano.