Ndatsala ndi 159

Ndikulemba izi ndili pakhonde kwathu ku Mughese, mwendo wakumanzere nditausanjika pampando. Chikhakha anandichotsa sabata yatha, koma kakolo akadali wotupa. Kunsi kwa nyumba amayi akuthyola khofi, ndipo netiweki ikungobwera n'kuchoka monga mwa masiku onse kuno ku Misuku.

Ndili ndi zaka 9, ine ndi agogo aamuna tinkachokera kosaka mbuzi yosochera m'mphepete mwa nkhalango ya Mughese. Kunja kunali kachisisira. Agogo anandigwira paphewa n'kuloza pamwamba pa mtengo. Kanyama kooneka ngati gologolo kanadumpha, n'kutambasula chikopa chapakati pa miyendo yakutsogolo ndi yakumbuyo, n'kuyandama mwakachetechete mpaka kukamata pa thunthu la mtengo wina. Dzina lake la sayansi, Anomalurus derbianus, ndinadzalidziwa ndili ku yunivesite ya Mzuzu. Tsiku limenelo ndinkangodziwa kuti chinthu chopanda nthenga chauluka ine ndikuona.

Ku yunivesite komweko ndinaonera pafoni anthu ovala wingsuit, chovala chokhala ndi nsalu pakati pa mikono ndi thupi komanso pakati pa miyendo. Ndinangoti eee, gologolo wa agogo uja! Kenako ndinamva za Godfrey Masauli, Mmalawi amene anaphunzira kuuluka pa paraglider ndi Benjamin Jordan wa ku Canada, nkhani imene ili mufilimu ya The Boy Who Flies. Kuyambira pamenepo ndinasiya kunena kuti zimenezi ndi za azungu.

Digiri itatha ndinakhala zaka ziwiri ndikungotumiza makalata ofunsira ntchito. Ndinatopa, ndinakwera basi ya ku Joni, n'kupeza ntchito yowerengera katundu m'nyumba yosungiramo zinthu. Ndalama zina ndinkatumiza kumudzi, zina ndinkabisa. Zobisazo zinakathera pa kabwalo kena ka ndege kunja kwa Johannesburg.

Ulendo woyamba amakumangirira pachifuwa pa mlangizi, iwe ntchito yako ndi kukuwa basi. Maphunziro enieni, otchedwa AFF, amayamba ukavala parachuti yakoyako. Umatuluka m'ndege pamtunda wa mamita pafupifupi 3,500, alangizi awiri atakugwira uku ndi uku. Umagwa pa liwiro la makilomita pafupifupi 200 pa ola, mphepo ikukukoka masaya, ndipo mawu samveka, amakulankhula ndi zala. Pasanathe mphindi imodzi uyenera kuyang'ana kawotchi kosonyeza kutalika kamene kali padzanja, n'kutsegula wekha. Ukakhoza gawo limenelo amakuchotsera mlangizi mmodzi, kenako winayo, mpaka tsiku lina umaima pakhomo la ndege wekhawekha. Ulendo uliwonse umalembedwa m'kabuku, wina n'kusainira.

Nditadumpha ka 12 ndinafunsa mlangizi wanga kuti wingsuit ndiyamba liti. Anaseka. Anati bungwe la ku America loona za masewerawa, USPA, limafuna kuti munthu adumphe ka 200 asanavale chovalacho, pamene laisensi yoyambirira imafuna ka 25 kokha. Zifukwa zake anandifotokozera. Wingsuit imakumanga mikono, moti parachuti ikatseguka uyenera kumasula kaye zipi kuti ufikire zingwe zowongolera. Pa mita imodzi imene watsika umapita kutsogolo mamita awiri kapena atatu, ndiye ukasokoneza njira umakatera kutali ndi bwalo. Ukapendekeka pang'ono umayamba kuzungulira ngati nguli. Anawonjezera kuti ngakhale Patrick de Gayardon, Mfalansa amene anakonza wingsuit yamakono, anafa mu 1998 ku Hawaii, chikhalirecho anali atadumpha kambirimbiri.

Ndinamva, koma mumtima ndinkawerengera zina. Anzanga akusukulu anali akuika pa Facebook zithunzi za maofesi, maukwati, magalimoto. Ine ndinkafuna vidiyo imodzi yokha yoti onse atseke pakamwa. Anthu 200 amangoitchula mosavuta, koma kwa munthu wolandira malipiro ngati anga ndi zaka zingapo.

Pa ulendo wa 41 mnzanga wina anali pansi akujambula ndi foni. Ndinafuna kutera pafupi naye. Ndinakhota ndili pafupi kwambiri ndi nthaka, chinthu chimene anatiletsa tsiku loyamba lenilenilo, chifukwa parachuti ikamakhota imaweramira pansi n'kuwonjezera liwiro. Ndinamva kuti thyo! Palibe amene analakwitsa koma ine. Ntchito yoima tsiku lonse sindikanaikwanitsanso, ndiye ndinabwerera kumudzi ndi ndodo ziwiri. Amayi ndinawauza kuti ndinagwa pamakwerero kuntchito.

Bodzalo linakhala milungu itatu. Mlongo wanga, amene ali Fomu 3, anapeza kabuku kaja m'chikwama n'kuyamba kuwerenga mokweza. Amayi anamvetsera mpaka kumapeto. Tinkalankhula Chisukwa, koma mawu awo anali awa:

"Iwe, kudumpha kamodzi ndi ndalama zingati?"

Ndinawauza. Anakhala chete, milomo ikuyenda. Ndinadziwa kuti akusintha ndalamazo kukhala matumba a feteleza.

"Ndiye teremu ija fizi ya mlongo wako inachedwa, unali kumwamba?"

"Eya, amayi."

Mawu amenewa anandipweteka kuposa mwendo. Mlongo wanga anabwezedwa kusukulu milungu iwiri teremu imeneyo, ine nditanama kuti abwana achedwetsa malipiro.

Ndinkayembekezera kuti andilumbiritsa kuti ndisiye. Sanatero. Tsiku lotsatira ananditengera pang'onopang'ono ku mizere ya khofi ya kumtunda, imene anabzala chaka chimene ndinapita ku Joni. Chaka chino ndi pamene athyolamo koyamba zooneka. Sanandiuze mwambi uliwonse. Anangondipatsa dengu n'kunena kuti ndithyole zofiira zokhazokha, zobiriwira ndizisiye, tidzabweranso sabata yamawa.

Madzulo ake anati: "Mlongo wako amalize Fomu 4. Zikatero, mwendo ndi wako, ukadzigwetse."

Tagwirizana choncho. Pakadutsa chaka ndi miyezi ndisanakwerenso ndege, ndipo ndikadzabwerera adzandiyambitsanso ndi mlangizi, chifukwa ukakhalitsa osadumpha thupi limaiwala. Usiku wina mantha amandigwira ndikakumbukira nthaka ija ikundithamangira, moti mwina pakhomo la ndege ndidzakana ndekha. Komabe kabuku kaja sindinakataye. Pa tsamba lomaliza ndalembapo 159.

Agogo anamwalira ndili chaka chachiwiri ku Mzuzu. Dzulo madzulo ndinatsimphina mpaka m'mphepete mwa nkhalango, pamene tinaima tsiku lija. Ndinadikira mpaka mdima, kanyama kaja sikanaoneke. Mawa ndipitanso.